Kodi Makoma Athu Akulankhula Mau a Yani?

Munthu wochoka mu mzinda wa Lilongwe kuloŵera ku Mchinji, akamadutsa pa Mpingu ndi pa Msundwe mpaka kukafika pa Namitete, angachite bwino kuleka kaye kucheza ndi mnzake wa pa mpando, nkuyang'ana kunja pa zenera. Aone makoma a masitolo, a zigayo, a matiyirumu ndi a nyumba zogona alendo zimene zandanda m'mbali mwa mseu. Adzapeza sitolo yathunthu ili psuu kuyambira pansi mpaka kudenga, yoyandikana nayo yobiriŵira, inayo yachikasu. Pa khoma lililonse pali dzina la kampani ya lamya za m'manja, kapena ya mbeu, ya sopo, ya mafuta ophikira, ya moŵa, ngakhalenso ya juga yobetcha pa mpira. Akapita ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Nambuma tsiku la msika, adzapezanso mitundu yomweyo ndi mau omwewo, ngati kuti malo onseŵa adaumbidwa m'chikombole chimodzi.

Ife tikuti pali chinthu chimene tataya pamenepa, ndipo tachitaya mosazindikira. Khoma loyang'ana kumseu limaphunzitsa aliyense wodutsa, afune asafune, tsiku ndi tsiku chaka chonse. Makoma ameneŵa tidaŵapereka kwa amalonda posinthana ndi zitini zingapo za penti, ndipo lero akuphunzitsa ana athu phunziro limodzi lokha, lakuti gula. Nkhope ya mlimi wa kuno siioneka pamenepo, mbiri ya mudzi palibe, ndipo mmisiri wathu wojambula wasoŵa pogwira. Tikulemba kuti tidzudzule zimenezi, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Podzudzulapo sitikudzipatula ife ansembe ai, pakuti nafenso tili ndi makoma ambiri amene tangoŵasiya ali mbee.

CHITHUNZI CHIMAFIKA KUMENE KALATA SIIFIKA

Wina angati tikukuza nkhani yaing'ono, poti penti ndi penti basi. Koma tikumbuke za pa 14 June 1993, pamene Amalaŵi adafunsidwa ngati afuna chipani chimodzi kapena zipani zambiri. Anthu ochuluka a m'midzi yathu ino sadaŵerenge malamulo a dziko kapena zolemba za anthu ophunzira. Adapita kukaponya voti atasunga m'mutu zithunzi ziŵiri, tambala wakuda ndi nyali. Ena adasankha tambala, ena nyali, koma onse adadziŵa chimene akusankha chifukwa cha chithunzi. Nkhani yaikulu kopambana ya dziko lathu m'zaka zimenezo idasenzedwa ndi tizithunzi tiŵiri tokwana pa chikhatho. Tsono ngati kachithunzi kochepa kali ndi mphamvu yotero, nanga chithunzi chodzaza khoma lonse, chimene mwana amachiona popita ku sukulu ndi pobwerera, kuyambira Sitandade 1 mpaka Sitandade 8?

Eklezia adaidziŵa kale mphamvu imeneyi. Cha m'ma 600, Episkopi Serenus wa ku Marseille adaphwanya zithunzi za m'matchalitchi poopa kuti anthu ayamba kuzipembedza. Papa Gregory Wamkulu adamlembera kalata. Adamuyamika chifukwa chokana kuti zithunzi zipembedzedwe, koma adamdzudzula chifukwa choziphwanya, namkumbutsa kuti chithunzi chimachitira munthu wosadziŵa kuŵerenga zimene buku limachitira munthu wodziŵa. Mkangano wa zithunzi udabukanso pambuyo pake m'maiko a kuvuma, mpaka msonkhano waukulu wa aepiskopi ku Nicaea mu 787 udagamula kuti zithunzi zikhalepo. Amalonda a masiku ano sadaŵerenge kalata ya Gregory, komabe akuitsata mokhulupirika kuposa ife amene tidaiphunzira ku seminale.

KUJAMBULA SI MWAMBO WACHILENDO

Tamvapo anthu ena, ngakhale ophunzira amene, akunena kuti kujambula pa makoma ndi za azungu ndi za m'mizinda ikuluikulu ya kunja, ndipo kuti Mcheŵa wa ku Kabudula alibe nazo kanthu. Oterowo apite ku Dedza, boma loyandikana ndi lathu, akakwere mapiri a Chongoni. Kumeneko kuli malo 127 okhala ndi zithunzi zojambulidwa pa matanthwe ndi m'mapanga, monga pa Chentcherere, pa Namzeze ndi pa Mphunzi. Zithunzi zofiira, zimene ndi zakale kwambiri, amene adazijambula ndi Akafula, anthu osaka nyama aja amene makolo athu adaŵapeza m'dziko muno. Zoyera adazijambula ndi Acheŵa eniake potapa dothi loyera, ndipo zambiri mwa izo zikukhudza chinamwali cha atsikana, kupempha mvula, maliro ndi zilombo za gule wamkulu. Ena anali kujambulabe m'zaka za m'ma 1900. Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika malo a Chongoni m'kaundula wa chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. Alendo amakwera ndege kudzaona zimene agogo athu adajambula ndi chala, pamene zidzukulu zawo zikunena kuti kujambula si kwathu.

Sitisoŵanso kukwera phiri kuti tipeze umboni. Ambiri a ife tidakula tikuona amai athu, mvula ikatha ndi zokolola zikaloŵa m'nkhokwe, akupita ku dambo kukatapa mtsiro, ndi kwina kukakumba katondo ndi dothi loyera. Ankazira khonde ndi khoma, nkutsutsuta ndi mwala wosalala, kenaka nkudula mzere wakuda m'munsi mwa nyumba ndi wofiira pamwamba pake. Mai waluso ankaonjeza maluŵa, nkhuku, mphika, kapena madontho a zala zake, ndipo mlendo woloŵa m'mudzi ankadziŵa nyumba ya mkazi waukhondo asanapatsidwe moni. Panalibe womlipira, komanso panalibe womuuza chojambula. M'midzi ina mwambowu ulipobe, makamaka ukwati kapena chikondwerero chikayandikira, koma ukuzilala, pakuti taphunzitsa ana athu kuti nyumba yozira ndi chizindikiro cha umphaŵi.

Mitundu ina siidachite manyazi ndi luso lotere. Ku South Africa, Mai Esther Mahlangu a mtundu wa Andebele, obadwa mu 1935, adaphunzira kujambula makoma a nyumba kwa amai awo ndi agogo awo akali kamtsikana, nthenga za nkhuku zili burashi. Mu 1991 kampani ya BMW idaŵaitana kuti ajambule galimoto ndi mizere yomweyo ya pa khoma la kumudzi, ndipo dzina lawo lidamveka m'maiko ambiri. Ku Burkina Faso, nyumba za pa bwalo la mfumu ku Tiébélé, zimene amai a mtundu wa Kassena amazijambula ndi dothi, zidaloŵa m'kaundula wa UNESCO uja mu 2024. Dothi lawo siliposa la m'madambo athu. Kusiyana nkwakuti iwo adauza ana awo kuti ntchito ya amai awo ndi luso, pamene ife tidauza athu kuti ndi matope.

Apa tiyenera kuvomera mlandu wathu. Kwa zaka zambiri amishoni ndi gule wamkulu anali pa udani m'chigawo chino cha pakati, ndipo mkhristu watsopano ankaphunzitsidwa kukayikira zinthu zambiri zojambulidwa kapena zosemedwa ndi dzanja la Mcheŵa. Zithunzi zimene zidaloŵa m'malo mwake zidachokera ku Ulaya, zosindikizidwa pa pepala, za anthu oyera khungu a tsitsi lalitali. Sitikunyoza chikhulupiriro cha amene adazibweretsa. Koma mwana amene adakula akuona kuti chithunzi cholemekezeka chimabwera m'katoni kuchokera kutali, sadabwa lero poona kuti khoma la sitolo ya bambo wake nalonso lakonzedwera ku ofesi yakutali.

MMISIRI WA PA MSIKA

Pa msika uliwonse wa kuno panali, ndipo pena alipobe, mnyamata kapena bambo wodziŵika ndi burashi. Ndiye ankajambula mitu ya anthu ometa mosiyanasiyana pa khoma la wometa tsitsi, chambo ndi mbale ya nsima pa lesitilanti, ng'ombe yonenepa pa butchala, kapu yofuka nthunzi pa tiyirumu. Sukulu ikapeza kandalama, ndiye ankaitanidwa kudzajambula mapu a Malaŵi, mtima wa munthu kapena mbali za duŵa pa khoma la kunja la kalasi. Ana ophunzirira pansi pa mtengo, amene adachuluka sukulu ya pulaimale itakhala yaulere mu 1994, adaloŵeza maboma a dziko lawo pa makoma oterowo. Ng'ombe zake nthaŵi zina zinkafanana ndi galu, ndipo mau ake a Chingerezi ankapereŵera chilembo apa ndi apo. Komabe sitolo iliyonse inali ndi nkhope yakeyake, ndipo ndalama ya ntchitoyo inkatsala pa msika pomwepo.

Tsono onani m'mene malonda a makoma akuyendera lero. Galimoto imafika ndi anyamata, makwerero ndi zitini. Amauza mwini sitolo kuti ampakira nyumba yake ulere, malinga alole kuti dzina la kampani likhale pa khoma. Chithunzi ndi zilembo zidakonzedwa kale pa kompyuta mu mzinda, mwinanso kunja kwa dziko, ndipo wopaka saloledwa kusintha ngakhale kadontho. Pofika madzulo ntchito yatha, galimoto yapita. Dzina la mwini sitolo, ngati laikidwa nkomwe, lili pa kangodya, m'zilembo zoti munthu aziŵerenge atayandikira. Motero kampani yapeza chikwangwani chachikulu chokhala zaka pa mtengo wa penti yokha, chonsecho mu mzinda imalipira lendi yambiri pa chikwangwani chilichonse cha m'mbali mwa mseu.

Pa ulendo wina wa ku mphakati tidakumana ndi mnyamata amene tidamdziŵa kale ngati wojambula waluso wa pa msika wina wa kuno. Tidampeza akupalasa kabaza. Titamfunsa za maburashi ake, adati adaŵamanga m'thumba la feteleza nkuŵapachika kudenga. Masitolo akuluakulu adatengedwa ndi makampani, ang'onoang'ono amakasindikiza zikwangwani za pulasitiki mu mzinda, ndipo ntchito imene idamtsalira ndi yolemba maina pa mitanda ya kumanda. Adaseka ponena zimenezi, koma ife sitidathe kuseka naye. Ameneyu ndi munthu woti akadatha kujambula msika wonse wa kwawo pa khoma limodzi, amai ogulitsa tomato ndi ngolo za ng'ombe zomwe, anthu nkumadzizindikira mmodzimmodzi.

WOLIPIRA PENTI NDIYE MWINI MAU

Maiko ena adazindikira msanga kuti khoma la pagulu ndi nkhani ya mtundu wonse. Ku Mexico, nkhondo ya pachiŵeniŵeni imene idayamba mu 1910 itazizira, nduna ya maphunziro José Vasconcelos, amene adalandira udindowo mu 1921, adaona kuti anthu ambiri a dzikolo sadziŵa kuŵerenga. Adaitana amisiri onga Diego Rivera, José Clemente Orozco ndi David Alfaro Siqueiros, naŵapatsa makoma a sukulu ndi a nyumba za boma. Pa makomawo adajambulapo alimi a chimanga, okumba m'migodi, amai a pa msika, ndi eni nthaka amene atsamunda a ku Spain adaŵapondereza zaka 300. Mlimi wobwera mu mzinda ndi zovala zake za kumunda ankatha kuloŵa m'bwalo la unduna wa maphunziro, nkupeza munthu wonga iye yemwe ataimirira pa khoma.

Rivera yemweyo adatisiyiranso phunziro lina. Mu 1933 banja lolemera la Rockefeller lidamlemba ntchito yojambula khoma lalikulu m'nyumba yawo yamalonda ya Rockefeller Center ku New York. Iye adaikapo nkhope ya Lenin, mtsogoleri wa chikomyunizimu wa ku Russia. Eni nyumba adampempha kuti aichotse, iye adakana. Adamlipira ndalama zake namuimitsa ntchito, ndipo mu 1934 chithunzi chonse chidagumulidwa pa khoma. Ife sitikuikira Lenin kumbuyo, pakuti zimene chiphunzitso chake chidachita kwa anthu okhulupirira Mulungu nzodziŵika. Chimene tikutolapo nchakuti mwini khoma ndi wolipira penti ndiwo amalamula zimene khomalo linene. Ngati ife a m'midzi sitilipira kanthu, tisadabwe kuti makoma athu sanena kanthu za ife.

Mabungwe othandiza anthu nawonso amajambula makoma, ndipo tiyenera kuŵayamika pamene payenera. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, uthenga wa kusamba m'manja ndi kuthira mankhwala m'madzi akumwa udafunikadi pa khoma lililonse. Koma nthaŵi zambiri munthu wa kumudzi amaoneka pa makoma ameneŵa ngati wolakwa amene akudzudzulidwa: wodzithandiza kutchire, wokwatitsa kamwana, wodula mitengo. Sitikukana kuti zoipazi zimachitika. Tikufunsa kuti kodi ndi liti mudzi udafunsidwa chimene ukufuna kuona pa khoma lake, ndipo nchifukwa chiyani zizindikiro za opereka ndalama zimatenga malo aakulu kuposa nkhope za eni mudzi. Za andale sitinena zambiri. Chisankho chikayandikira, mitundu ya zipani imakwera pa milatho, pa miyala ndi pa mitengo, ndipo chikatha palibe amabwera kudzafufuta.

AKUTI ANTHU SADYA ZITHUNZI

Pali mau amene tikudziŵa kuti aŵerengi ena aŵakonzeratu, akuti anthu sadya zithunzi. Mtengo wa feteleza wakwera, fodya sagulidwa bwino chaka chilichonse, mankhwala amasoŵa, ndiye wansembe azitiuza za penti? Mauŵa ali ndi choona chake, ndipo mwini golosale amene walola kuti ampakire khoma ulere sitikumuimba mlandu. Penti ndi yodula, khoma losapaka limadyeka ndi mvula, ndipo munthuyo ali ndi ana ofuna fizi. Ife tikadakhala iye, mwina tikadachita chimodzimodzi.

Koma amai aja ozira nyumba sanali olemera kuposa ife. Njala ya mwezi wa February ankaidziŵa bwino lomwe, komabe mvula ikatha ankakongoletsa nyumba, podziŵa kuti munthu wokhala pamalo posamalika amadzisamala, ndipo amene wazoloŵera kuona bwinja amayamba kudziyesa bwinja iye mwini. Tionjezenso kuti ndalama timaipeza pa zimene tazikonda. Mudzi womwewo umene ukuti ulibe ndalama ya zitini zinai za penti umasonkha ya zokuzira mau za usiku wonse pa ukwati, ya yunifomu ya kwaya, ndi ya chikho cha mpira. Sitikudzudzula zimenezi. Tikungokumbutsa kuti chithunzi cha pa khoma chimakhala zaka, pamene phokoso la zokuzira mau limatha kukacha.

Ndiponso makoma amene tikuŵalirira kwenikweni si a mwini golosale ai. Alipo makoma a tonse: a sukulu, a msika, a chipatala chaching'ono, a bwalo la milandu la mfumu, a holo ya parishi, mpanda wa bwalo la mpira, ngakhale chipupa cha pa mjigo. Ameneŵa ndiwo sayenera kugulitsidwa. Komiti ya sukulu imene ilola kuti khoma la kalasi lisanduke chikwangwani cha malonda, yagulitsa maso a ana amene makolo adaipatsa kuti iŵasamale. Nayonso khonsolo ya boma, imene imatolera ziphaso pa misika yathu tsiku ndi tsiku, ingathe kupatula khoma limodzi pa msika uliwonse kuti likhale la eni dera, nkuletsa zithunzi za moŵa ndi za juga pafupi ndi sukulu.

KU MUA ADATHA

Kuti zimenezi nzotheka kuno kwathu, umboni uli ku Mua, m'boma la Dedza lomwelo, pa mishoni imene ansembe a chipani cha White Fathers adaitsegula mu 1902. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, ochokera ku Canada, amene adalandira mfunda wa Chisale, adayambitsa pamenepo malo a Kungoni, kumene amisiri a m'midzi yozungulira adayamba kusema ndi kujambula. Pa makoma a kunja a nyumba ya Chamare, mosungiramo za chikhalidwe cha Acheŵa, Angoni ndi Ayao, padajambulidwa mbiri ya anthu a dziko lino, kotero kuti munthu amaiŵerenga ndi maso akuyenda, asanaloŵe nkomwe m'kati. Ntchito za amisiri a ku Kungoni zidafika m'matchalitchi a m'dziko muno ndi a kunja. Ku Zimbabwe nakonso, pa mishoni ya Anglikani ya Cyrene pafupi ndi Bulawayo, wansembe Edward Paterson adapatsa ana a sukulu penti m'zaka za m'ma 1940, ndipo iwo adadzaza makoma a tchalitchi chawo, m'kati ndi kunja komwe, ndi zithunzi za anthu akuda onga iwo eni, pakati pa miyala ndi mitengo ya kwawo.

Tsono funso likubwerera kwa ife. Ngati ku Mua adatha, chikutiletsa nchiyani kuno kuzambwe ndi kumpoto kwa Lilongwe? Chaka ndi chaka timamanga matchalitchi a m'miphakati, maholo ndi mipanda. Timakangana za malata ndi simenti mpaka usiku, koma sitidamvepo komiti ya zomangamanga ikufunsa kuti khoma loyang'ana kumseu lidzanena chiyani. Timalisiya mbee, kapena timalembapo dzina la woyera ndi nambala ya bokosi la ku positi, basi. Tikafuna chithunzi timatuma munthu kukagula chosindikiza mu mzinda, pamene wojambula wobatizidwa m'tchalitchi momwemo akupalasa kabaza panja.

TIJAMBULEPO CHIYANI?

Zojambula sizisoŵa. Pali mlimi ndi mkazi wake akusoka fodya m'chigafa, ngolo yodzaza mtedza, atsikana pa mtondo. Pali azamba amene adalandira theka la mudzi pobadwa, aphunzitsi akale, mafumu amene adapereka malo omangapo sukulu, ndi masisitere ndi anamwino amene akhala akusamala odwala pa chipatala cha St Gabriel's ku Namitete kuyambira 1959. Pali mbiri ya makolo: ulendo wa Amaravi, ufumu wa Kalonga, ndi Makeŵana wa ku Msinja, m'boma lathu lomwe lino, kumene anthu ankapita kukapempha mvula. Pali amuna amene adapita ku Joni pa Wenela ndi ku Halale pa Mthandizi, ena nkubwera ndi njinga, ena nkutchona. Palinso njala ya 2002, imene ana a m'sukulu lero sadaione, koma ayenera kuidziŵa kuti alemekeze nkhokwe.

Komabe ntchitoyi ili ndi malamulo ake. Choyamba, eni dera akhale pansi ndi mfumu nkugwirizana chojambula, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chachiŵiri, zachinsinsi za kudambwe ndi za kutsimba zisaikidwe pa mseu. Makolo a ku Chongoni adajambula zawo m'mapanga a kuphiri, podziŵa kusiyanitsa za pabwalo ndi za kumbali, ndipo wojambula amene aulula mwambo wa eniake pofuna kukopa alendo wachita chipongwe. Chachitatu, wandale wamoyo asakwere pa khoma la tonse, ngakhale atagula penti yonse, poti khomalo lidzakhalapobe iye atachoka pa mpando. Chachinai, wojambula alipidwe monga timalipirira womanga ndi kalipentala, ndipo alembe dzina lake m'munsi mwa chithunzi. Chizoloŵezi chathu chouza munthu waluso kuti agwire ntchito ya Mulungu kapena ya chitukuko ulere, pamene wogulitsa simenti tamlipira mpaka tambala yomaliza, nchosalungama.

Zotsala adzatiuza ndi amisiri eniake: kuti pulasitala ayambe wauma bwino, kuti pansi pakhale penti yoyamba yogwira khoma, kuti ntchito ichitike m'chilimwe, ndi kuti khoma lotetezedwa ndi khonde limasunga mitundu yake nthaŵi yaitali kuposa loombedwa ndi dzuŵa ndi mvula. Chithunzi chikasuluka pakapita zaka, tisachiyese tsoka. Amai athu ankazira chaka ndi chaka osadandaula, ndipo kujambulanso kudzapatsa achinyamata a nthaŵi imeneyo mpata woonjeza zawo.

Ena amaopa kuti tikalola kujambula, anyamata adzadzaza makoma ndi zotukwana monga timaonera m'zimbudzi za sukulu ndi pa malo odikirira basi. Ife taona kuti khala la zotukwana limathamangira khoma lopanda mwini. Khoma limene mudzi udasonkhera, pamene pali nkhope ya agogo a mwana, mwanayo amalilondera yekha. Ndiponso mnyamata wolemba ndi khala kuseri kwa chimbudzi, nthaŵi zina ndi wojambula amene palibe adampatsapo burashi.

Pomaliza tikupempha chinthu chimodzi chochepa. Mvula ikatha, parishi iliyonse, sukulu iliyonse ndi komiti ya msika uliwonse, kuyambira pa Mpingu mpaka pa Namitete, ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma, isankhe khoma limodzi loyang'ana kumseu. Ifunefune wojambula wa m'dera momwemo, wamwamuna kapena wamkazi, imfunse mtengo wake, isonkhe ndalama monga timasonkhera pa zina, ndipo iitane amai achikulire odziŵa mtsiro ndi katondo kuti adzalangize za mitundu. Makampani apitirize malonda awo pa makoma amene eniake aŵabwereketsa, tilibe nawo udani. Koma mwana wa Sitandade 1 wodutsa pa msika apezeko khoma limodzi lomuuza kuti iye ndi wa kuti ndipo adachokera kwa yani. Ife ansembe tiyambe ndi makoma athu, pakuti tili nawo ambiri, ndipo tidachedwa kale.